NDANI ALIPIRE NJIRA YOPITA KOKAPONYA VOTI?

Mawu oyamba

Pa 21 May 2019, tsiku la chisankho cha patatu, ndinaperekeza amalume anga kukaponya voti pasukulu ya pulayimale ya kwathu. Amalume anadwala poliyo ali mwana, ndipo amayenda pa njinga ya matayala atatu yopalasa ndi manja. Iwo ndi telala, ndipo ana ambiri a pasukulu imeneyo amavala yunifolomu yosokedwa ndi manja awo. Ine panthawiyo ndinali ndisanafike zaka zovota. Ntchito yanga inali yokankha njinga paliponse pamene mchenga wachuluka.

Titafika, anthu amene anali pamzere anatipatsa mpata mwaulemu, monga zimakhalira kwa okalamba, amayi oyembekezera ndi anthu aulumali. Vuto linayambira pakhomo. Mabokosi anali m'kalasi, ndipo kutsogolo kwa kalasiyo kunali ngalande ya madzi a mvula, kenako masitepe atatu. Njinga sikanatha kudutsa. Anyamata awiri anawanyamula amalume, wina kukhwapa wina kumiyendo, anthu onse akuyang'ana. M'katimo, kachipinda kochongeramo kanali kakatali chifukwa kanapangidwira munthu woimirira. Amalume anachongera mapepala awo atatu pantchafu, akuwaphimba ndi chipewa. Pobwerera sanayankhule mpaka titafika pamlatho. Apo ndi pamene anati, "Mphwanga, ine ndinabwera kudzasankha atsogoleri, sindinabwere kudzanyamulidwa ngati thumba la chimanga." Chisankho cha pulezidenti chitabwerezedwa pa 23 June 2020, ndinalawirira kukawatenga. Anandiuza kuti ali ndi nsalu zambiri zoti asoke. Ndinadziwa kuti nkhani sinali nsalu.

Chimene chakhala chikundisautsa kuyambira tsiku limenelo n'chakuti panalibe munthu ngakhale mmodzi amene anawachitira nkhanza amalume. Onse anali ndi mtima wothandiza. Zimene zinasowa zinali matumba angapo a simenti, thabwa lowolokera ngalande ndi tebulo lalifupi. Zinthu zimenezi zimagulidwa ndi ndalama, ndipo funso lenileni ndi lakuti ndalamazo achotse ndani. M'nkhani ino ndifotokoza mmene dziko la United States of America linayesera kuyankha funso limeneli popereka ndalama za boma lalikulu kuti maboma ang'onoang'ono akonze malo oponyerapo voti. Ndifotokoza chiyambi cha vutoli, lamulo limene linabweretsa ndalamazo, ntchito imene zinagwira, ndi pamene zinaperewera. Pomaliza ndiona zimene makhonsolo athu angatolepo.

Amene amayendetsa zisankho ku America

Kuti nkhaniyi imveke, tiyenera kudziwa kaye kuti ku America kulibe bungwe limodzi loyendetsa zisankho m'dziko lonse monga zilili kuno kwathu. Dzikolo lili ndi zigawo 50 zodzilamulira zokha pa zinthu zambiri, zotchedwa state, ndipo chigawo chilichonse chili ndi malamulo akeake a zisankho. Pansi pa zigawozi pali maboma ang'onoang'ono otchedwa county, omwe alipo oposa 3,000, komanso makhonsolo a mizinda ndi matauni. Maboma ang'onoang'ono amenewa ndi amene amasankha nyumba zoponyeramo voti, kulemba ndi kuphunzitsa antchito a tsiku lachisankho, kusunga zipangizo ndi kulipira mbali yaikulu ya ndalama zoyendetsera ntchitoyi. Mwachitsanzo, m'chigawo cha Wisconsin ntchitoyi ili m'manja mwa alembi a matauni ndi midzi pafupifupi 1,850, ndipo ambiri mwa iwo ndi anthu ogwira ntchitoyi maola ochepa chabe pa sabata.

Nyumba zimene amavoteramo si za oyendetsa zisankho. Amabwereka sukulu, matchalitchi, nyumba za ozimitsa moto, malaibulale ndi maholo a m'madera. Zambiri mwa nyumbazi zinamangidwa kalekale, nthawi imene womanga sankaganizira n'komwe za munthu woyenda pa njinga ya olumala. Komanso ndalama za maboma ang'onoang'ono zimachokera makamaka ku msonkho wa nyumba ndi malo. Izi zikutanthauza kuti dera la anthu olemera limakhala ndi thumba lonenepa, pamene dera lakumudzi la anthu osauka limakhala ndi thumba lowonda. Choncho ufulu umene malamulo amati ndi wofanana kwa nzika zonse umadalira pa chuma cha dera limene munthu akukhala.

Malamulo opanda ndalama

Nyumba ya malamulo ya dzikolo, yotchedwa Congress, inayamba ndi kulamula. M'chaka cha 1982 inawonjezera ndime mu lamulo la ufulu wovota la 1965, yonena kuti wovota wosaona, waulumali kapena wosadziwa kuwerenga ali ndi ufulu wothandizidwa ndi munthu amene wamusankha yekha, bola asakhale bwana wake wa kuntchito kapena nthumwi ya bungwe lake la apantchito. M'chaka cha 1984 inakhazikitsa lamulo lina lonena kuti malo onse oponyerapo voti pa zisankho za dziko lonse akhale ofikirika kwa okalamba ndi aulumali, ndipo ngati m'dera mulibe malo otere, wovotayo apatsidwe njira ina yovotera.

Lamulo lalikulu koposa linabwera mu 1990. Pa 12 March chaka chimenecho, anthu aulumali ambiri anasiya njinga ndi ndodo zawo pansi n'kuyamba kukwawa pa masitepe a nyumba ya malamulo ku Washington, pofuna kuonetsa aphungu tanthauzo la masitepe kwa munthu wosayenda. Mmodzi mwa iwo anali mtsikana wa zaka 8, Jennifer Keelan. Pa 26 July 1990, Pulezidenti George H. W. Bush anasaina lamulo lotchedwa Americans with Disabilities Act, limene anthu amalifupikitsa kuti ADA. Gawo lachiwiri la lamuloli limaletsa maboma a zigawo ndi maboma ang'onoang'ono kusala anthu aulumali pa ntchito iliyonse imene amapereka kwa anthu, ndipo kuvota ndi imodzi mwa ntchito zimenezo.

Malamulo onsewa anali abwino, koma anali ndi chilema chimodzi: ankalamula popanda kupereka ndalama zokonzera nyumbazo. Boma lalikulu linkanena kuti khomo likulitsidwe, koma wolipira mmisiri anali mlembi wa tauni amene bajeti yake inali itatha kale ndi misewu, apolisi ndi sukulu. Mlembi wotere akakhala ndi madola ochepa, n'kosavuta kuti aike patsogolo dzenje la pamsewu limene anthu ambiri akudandaula nalo, n'kusiya khomo limene lidzafunike tsiku limodzi pa zaka ziwiri. Komanso munthu waulumali amene wabwerera pakhomo kawirikawiri sakadandaula kwina kulikonse. Amangokhala kunyumba monga anachitira amalume, ndipo m'mabuku amalembedwa ngati munthu amene sanafune kuvota.

Zimene zinapezeka m'chaka cha 2000

Chisankho cha pa 7 November 2000 chimakumbukiridwa chifukwa cha mkangano wa mavoti a ku Florida, kumene George W. Bush anaposa Al Gore ndi mavoti 537 okha. Koma tsiku lomwelo kunachitikanso chinthu china chimene sichinamveke kwambiri. Ofesi yofufuza ntchito za boma m'malo mwa nyumba ya malamulo, yodziwika ndi chidule chakuti GAO, inatumiza antchito ake ku malo oponyerapo voti 496 m'zigawo 33. Antchitowa anayenda njira yonse imene wovota amayenda, kuchokera poimika galimoto mpaka kuchipinda chovoteramo, akuyeza ndi kulemba chopinga chilichonse.

Lipoti lawo, lomwe linatuluka mu 2001, linasonyeza kuti malo 84 mwa malo 100 aliwonse anali ndi chopinga chimodzi kapena zingapo. Malo 16 okha mwa 100 ndiwo analibe chopinga. Zopingazo zinali monga njira za miyala kapena zokumbika, zitseko zopapatiza, ziundo zazitali zapakhomo, ndi njira zotsetsereka kwambiri moti munthu wa pa njinga sangakwere yekha. Malo ambiri ankathetsa vutoli pomutengera wovota pepala kunja, kuti achongere m'galimoto kapena m'mbali mwa msewu. Komabe malo 28 mwa 100 anali ndi zopinga ndipo analibe ngakhale njira imeneyi. Kuwonjezera apo, pa malo onse amene anayenderedwa panalibe ngakhale amodzi okhala ndi mapepala kapena makina opangidwira osaona. Apa n'kuti patapita zaka 16 chikhazikitsireni lamulo la 1984, ndi zaka 10 chikhazikitsireni ADA.

Lamulo la 2002 ndi thumba lake

Chisokonezo cha ku Florida chinakakamiza aphungu kukonza kayendetsedwe ka zisankho, ndipo mabungwe a anthu aulumali anapezerapo mpata wolowetsa nkhani yawo. Pa 29 October 2002, Pulezidenti George W. Bush anasaina lamulo lotchedwa Help America Vote Act, kapena kuti HAVA. Kusiyana kwa lamuloli ndi am'mbuyomu kunali kwakuti linabwera ndi ndalama. Linaloleza madola pafupifupi 3.9 biliyoni kuti athandize zigawo kusintha makina ovotera, kukonza kaundula wa ovota ndi ntchito zina.

Ndime zitatu za lamuloli ndi zimene zikukhudza nkhani yathu. Yoyamba ndi ndime 301, imene inalamula kuti pofika 1 January 2006 malo aliwonse oponyerapo voti akhale ndi makina osachepera amodzi amene munthu waulumali, kuphatikizapo wosaona, angavotere mwachinsinsi komanso payekha. Makina oterewa amawerengera wovota mayina a opikisana kudzera m'zomvetsera za m'makutu, ndipo ali ndi mabatani amene munthu amawazindikira pongowakhudza.

Yachiwiri ndi ndime 261, yomwe ndi phata la nkhani ino. Ndimeyi inapatsa unduna wa zaumoyo ndi chisamaliro cha anthu mphamvu yopereka ndalama kwa zigawo ndi maboma ang'onoang'ono pa ntchito ziwiri. Ntchito yoyamba inali kukonza malo enieniwo: njira yofikira, polowera, potulukira ndi chipinda chovoteramo. Ntchito yachiwiri inali kudziwitsa anthu aulumali za malo amene angathe kufikako, komanso kuphunzitsa oyendetsa zisankho ndi antchito a tsiku lachisankho mmene angalandirire ovota amenewa. Lamulo linaloleza madola 50 miliyoni m'chaka cha boma cha 2003, madola 25 miliyoni mu 2004 ndi enanso 25 miliyoni mu 2005.

Yachitatu ndi ndime 291, imene inapereka ndalama kwa mabungwe oteteza ndi kuyankhulira anthu aulumali, omwe amapezeka m'chigawo chilichonse. Mabungwe amenewa amayendera malo ovotera, kuphunzitsa ovota za ufulu wawo ndi kulandira madandaulo. Nzeru yake inali yakuti wolandira ndalama zokonzera khomo asakhalenso yekhayo wonena ngati khomolo lakonzedwa bwino.

Ntchito imene ndalama zinagwira

Anthu ambiri akamva za kukonza nyumba amaganiza za ntchito yaikulu yogumula makoma. Zoona zake n'zakuti zambiri zimene zimabweza wovota pakhomo ndi zazing'ono. Unduna wa zachilungamo wa dzikolo unatulutsa mndandanda woyezera malo ovotera mu 2004, n'kuukonzanso mu 2016, ndipo miyezo yake ndi yoti aliyense wokhala ndi tepi angaitsatire. Khomo likatsekulidwa liyenera kusiya mpata wa masentimita pafupifupi 81. Njira yodutsamo iyenera kukhala ya masentimita 91 m'lifupi. Tebulo lochongerapo lisapitirire masentimita 86 kuchokera pansi, ndipo kunsi kwake kukhale mpata wolowa mawondo a munthu wokhala pa njinga.

Muyezo wofunika kwambiri ndi wa njira yotsetsereka yokwerera pakhonde, imene amisiri amaitcha rampu. Pa sentimita imodzi iliyonse yokwera, rampu iyenera kutalika masentimita 12. Tiyeni tiyerekezere ndi masitepe atatu amene anaimitsa amalume. Ngati sitepe iliyonse ndi masentimita 15, khonde lonse lakwera masentimita 45, ndipo rampu yoyenera iyenera kutalika mamita 5.4. Womanga amene sadziwa muyezo umenewu amangothira simenti pamwamba pa masitepe, n'kupanga chitsetsereko cha mita imodzi chimene munthu wa pa njinga sangakwere, ndipo akayesa kutsika amagwa chamutu. Ndalama zimakhala zaonongeka, lipoti likunena kuti sukulu ili ndi rampu, koma wovota akunyamulidwabe. N'chifukwa chake ndime 261 inaphatikiza maphunziro pamodzi ndi zomangamanga.

Ndalamazi zinagula zinthu za mitundu iwiri. Zina zinali zokhalitsa, monga marampu a simenti, kukulitsa makomo, kusintha zogwirira zitseko ndi kusalaza malo oimikapo galimoto. Zina zinali za tsiku limodzi, zimene zimaikidwa m'mawa n'kuchotsedwa madzulo: marampu onyamulika, mikeka yolimba yoyala pa miyala kapena pa udzu, zikwangwani zolozera khomo loyenera, mabelu oitanira wantchito panja, magalasi okulitsira zilembo ndi matebulo aafupi. Zinthu za tsiku limodzi n'zofunika makamaka pamene nyumbayo ndi ya tchalitchi kapena ya munthu wamba, chifukwa boma silingakakamize mwini wake kugumula khomo. Ku Wisconsin, oyang'anira zisankho a chigawo anakhazikitsa dongosolo lotumiza oyendera ku malo ovotera patsiku lachisankho, kenako n'kupatsa alembi a matauni lipoti la zolakwika pamodzi ndi zipangizo zing'onozing'ono zaulere zokonzera zolakwikazo.

Kodi zinathandiza?

GAO inabwerezanso kafukufuku wake pa chisankho cha 2008, ndipo inayendera malo 730. Malo opanda chopinga anakwera kuchoka pa 16 kufika pa 27 mwa 100 aliwonse, ndipo pafupifupi malo onse anali ndi makina ovotera anthu aulumali. Pa chisankho cha 2016 inayendera malo 178 okha, ndipo malo 60 mwa 100 anali adakali ndi chopinga panjira yopita kuchipinda chovoteramo. M'zipindamo munapezekanso vuto lina: m'malo ambiri makina analipo, koma anali ataikidwa poti ena angaone voti ya munthu, kapena osayatsidwa, kapena opanda zomvetsera. Akatswiri awiri a payunivesite ya Rutgers, Lisa Schur ndi Douglas Kruse, anafunsa ovota eniake. Mu 2012, anthu aulumali 30 mwa 100 amene anakavotera pamalo ovotera ananena kuti anakumana ndi vuto, poyerekeza ndi 8 mwa 100 a anthu opanda ulumali. Mu 2020 chiwerengero cha aulumali okumana ndi vuto pamalo ovotera chinatsika kufika pa 18 mwa 100.

Ziwerengerozi zikusonyeza kuti zinthu zinasintha, koma osati mokwanira. Ine ndikuona zifukwa zinayi. Choyamba, kuloleza ndalama m'lamulo ndi kuzipereka ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pa madola 50 miliyoni amene analolezedwa m'chaka cha 2003, nyumba ya malamulo inatulutsa 13 miliyoni okha. Dzikolo linali ndi malo ovotera oposa 100,000, kutanthauza kuti ndalamazo zikanagawidwa mofanana, malo amodzi sakanalandira madola opitirira 130. Ndalama zotere zingagule zikwangwani, koma sizingamange rampu.

Chachiwiri, ngakhale ndime 261 inatchula maboma ang'onoang'ono kuti nawonso angathe kulandira mwachindunji, ndalama zimene zinkatuluka chaka ndi chaka zinkapita ku zigawo, ndipo zigawozo ndi zimene zinkagawira maboma a pansi pawo. M'zigawo zina dongosolo linali lakuti boma laling'ono ligwire kaye ntchito ndi ndalama zake, kenako lipemphe kubwezeredwa. Dongosolo lotere limakomera dera limene lili nazo kale ndalama ndi antchito odziwa kulemba mafomu, pamene dera losauka, limene ndilo lofunika thandizo koposa, limatsalira.

Chachitatu, thumbali linauma. Chitatha chaka cha boma cha 2011, nyumba ya malamulo inaleka kuika ndalama ku ndime 261, ngakhale inapitiriza kupereka kwa mabungwe a ndime 291. Koma simenti imang'ambika, makina amakalamba, malo ovotera amasintha, ndipo antchito a tsiku lachisankho amakhala atsopano nthawi iliyonse. Ntchitoyi si yogwira kamodzi n'kusamba m'manja.

Chachinayi ndi choopsa kuposa zonse. Pamene lamulo lilipo koma ndalama palibe, njira yotsika mtengo yotsatira lamulolo ndiyo kutseka malo osakonzekawo. M'chaka cha 2018, ku Randolph County m'chigawo cha Georgia, dera lakumudzi losauka limene anthu ake ambiri ndi akuda, kunabwera ganizo lotseka malo ovotera 7 mwa malo 9 a m'deralo, ponena kuti sankakwaniritsa miyezo ya ADA. Ganizoli likanatheka, anthu ambiri opanda galimoto akanayenda mtunda wautali, ndipo ovutika koposa akanakhala aulumali omwewo amene dzina lawo linkagwiritsidwa ntchito. Anthu anakana mwamphamvu, ndipo mu August chaka chomwecho komiti ya zisankho ya deralo inataya ganizolo. Nkhaniyi ikutiphunzitsa kuti lamulo lopanda thumba likhoza kusanduka chikwapu chokwapulira amene linabwera kudzawateteza.

Zimene makhonsolo athu angatolepo

Malawi si America, ndipo dongosolo lathu ndi losiyana. Kuno zisankho zimayendetsedwa ndi bungwe limodzi, Malawi Electoral Commission. Komabe pali kufanana kumodzi kwakukulu: bungweli nalonso limabwereka malo. Pa chisankho cha 2019 panali malo ovotera pafupifupi 5,000, ndipo ambiri mwa iwo anali sukulu za pulayimale. Kuchokera pamene dziko lino linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono mu 1998, sukulu za pulayimale zinaikidwa m'manja mwa makhonsolo. Choncho oyendetsa zisankho angabweretse kachipinda kakafupi ndi kuphunzitsa antchito awo, koma ngalande, masitepe, chimbudzi ndi njira yochokera kumsewu ndi nkhani ya mwini malo. Ngakhale kumene anthu amavotera panja pansi pa mtengo, mchenga ndi zigwembe za pabwalo la sukulu ndi za khonsolo ndi komiti ya sukulu.

Malamulo tili nawo. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Mu 2009 dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe ndime yake ya 29 imafuna kuti malo ndi zipangizo zovotera zikhale zofikirika, ndiponso kuti voti ikhale yachinsinsi. Tinakhala ndi lamulo la anthu aulumali la 2012, lomwe linalowedwa m'malo ndi la 2024. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu oposa 1.5 miliyoni a zaka 5 kupita m'mwamba, kapena kuti 10 mwa 100 aliwonse, ali ndi ulumali wa mtundu wina. Mabungwe monga FEDOMA akhala akuyankhula za nkhaniyi kwa zaka zambiri. Pamene tili ife ndi pamene America inali isanafike 2002: malamulo alipo, koma wolipira mmisiri sanatchulidwe. Ndondomeko ya 1998 inalonjeza makhonsolo ndalama zosachepera 5 pa 100 iliyonse ya zimene boma limatolera, koma makhonsolo akhala akudandaula kuti zimene amalandira n'zochepa ndipo zimafika mochedwa. Khonsolo yotere ikafunsidwa kusankha pakati pa denga la kalasi limene lasasuka ndi rampu, tonse tikudziwa chimene idzasankhe.

Kuchokera pa zimene ndafotokoza, ndikuona mfundo zisanu zoti zitsatidwe ngati dziko lino litaganiza zokhazikitsa thumba lotere. Choyamba, ntchito iyambe ndi kuyeza: malo aliwonse ovotera ayenderedwe ndi tepi ndi mndandanda umodzi, ndipo pakati pa oyenderawo pakhale anthu aulumali eniake. Chachiwiri, ndalamazo zikhale ndi dzina lake m'bajeti, kuti zisathere pa mafuta a galimoto ndi maalawansi a misonkhano. Chachitatu, ziperekedwe ntchito isanayambe, osati mobwezera, ndipo maboma osauka ndi akutali alandire zochuluka. Chachinayi, zibwere chaka chilichonse ngakhale pang'onopang'ono, osadikira mwezi wachisankho pamene simenti singaume n'komwe. Chachisanu, pakhale lamulo lakuti palibe malo ovotera amene adzatsekedwe chifukwa chosafikirika popanda kupeza ena oyandikira.

Wina anganene kuti dziko losauka ngati lathu silingaononge ndalama pa chinthu chogwira ntchito tsiku limodzi pa zaka zisanu. Yankho lake lili m'nyumba zomwezo. Kalasi imene amalume analephera kulowa ndi yomweyo imene mwana waulumali wa m'mudzi mwathu amalephera kulowa tsiku lililonse la sukulu, ndi yomweyo imene kumachitikira misonkhano ya makolo, sikelo ya ana ndi kalembera wa zitupa. Rampu yomangidwa chifukwa cha chisankho imagwira ntchito chaka chonse.

Mathero

M'nkhani ino ndafotokoza kuti ku America udindo wokonza malo ovotera unali m'manja mwa maboma ang'onoang'ono, kuti malamulo a 1984 ndi 1990 analamula popanda kulipira, ndipo kuti kusintha kooneka kunayamba pamene lamulo la 2002 linabwera ndi ndalama. Ndasonyezanso kuti ndalamazo zinali zochepa poyerekeza ndi zimene zinalonjezedwa, zinadutsa njira yaitali zisanafike pansi, ndipo zinaleka ntchito isanathe. Phunziro kwa ife ndi lakuti amene ali pafupi ndi khomo ndiye ayenera kupatsidwa ndalama zolikonzera, muyezo woti atsatire, ndi munthu wina womuyang'anira.

Patchuthi chapitachi ndinawauza amalume za nkhani ino tili pakhonde la shopu yawo. Za madola mamiliyoni sizinawakhudze kwenikweni. Atamva za mamita 5.4 anasiya kusoka, natenga tepi yawo ya utelala n'kuyamba kuwerengera matumba a simenti ndi mawilibala a mchenga amene angafunike. Ndinawafunsa kuti, "Amalume, kodi rampuyo itamangidwa mudzapita kukavota mu 2030?" Anayankha kuti, "Mphwanga, ndikadzalowa ndekha ndidzapita. Koma uyambe wakafunsa ku komiti yachitukuko ya m'mudzi muno ngati nkhaniyi inalembedwapo m'mapulani awo." Ndinawalonjeza kuti ndikafunsa pa msonkhano wotsatira, ndipo pepala limene analembapo chiwerengero cha matumbawo ndili nalo.